Wadziwa bwanji? Zomwe inki yofiira idandiphunzitsa za ofesi ya pulezidenti

Masabata atatu apitawa aphunzitsi athu a phunziro la kayendetsedwe ka boma adatipatsa ntchito yooneka yopepuka. Adati tiyerekeze kuti tikugwira ntchito mu ofesi ya mtsogoleri wa dziko. Kwacha m'mawa, nyuzipepala yatulutsa nkhani yoti ndalama za kampeni zidayenda mwachinyengo, apolisi ayamba kufunsa mafunso, atolankhani adzaza pachipata. Aliyense alembe ndime imodzi yoti mneneri wa pulezidenti akawerenge masana.

Ine ndidalemba mokondwa, poti ndimadziona ngati munthu wodziwa kusanja mawu. Ndidati mtsogoleri wakhumudwa ndi nkhaniyi, ofesi idzathandiza ofufuza pa chilichonse, ndipo palibe ngakhale mmodzi wogwira ntchito mu ofesiyi amene akukhudzidwa. Pepala litabwerera ndidapeza mzere womalizawo wazunguliridwa ndi inki yofiira, pambali pake mawu awiri okha: "Wadziwa bwanji?"

Zidandinyansa pang'ono. Nkhani yongoyerekeza, ndikadadziwa bwanji? Nditawatsatira kukadandaula sadatsutsane nane. Adangoti ndikawerenge za Watergate, mlandu umene udagwetsa pulezidenti wa ku America Richard Nixon, koma Nixon ndimusiye kaye, maso anga akhale pa anthu amene ankalowa ndi kutuluka mu ofesi yake.

Usiku wa pa 17 Juni 1972 amuna asanu adagwidwa atathyola maofesi a chipani cha Democratic mu nyumba za Watergate ku Washington. Mmodzi mwa iwo, James McCord, adali mkulu wa chitetezo mu komiti yoyendetsa kampeni ya Nixon. Mneneri wa pulezidenti, Ron Ziegler, adaipeputsa nkhaniyo, nati ndi kuthyola kwa akuba osadziwa ntchito. Pa 29 Ogasiti Nixon mwini adauza atolankhani kuti loya wa ku White House (nyumba ya boma ya dzikolo), John Dean, wachita kafukufuku wathunthu, ndipo wapeza kuti palibe wogwira ntchito kumeneko amene akukhudzidwa. Nditafika pamenepa ndidayamba ndaima. Udali mzere wanga womwe uja. Dean adadzaulula pambuyo pake kuti kafukufukuyo sadachitike, iye mwini adamva za "kafukufuku wake" pulezidenti akulankhula.

Dean ndiye munthu amene ndakhala naye nthawi yaitali m'maganizo. Adali ndi zaka 33 zokha, wanzeru, wofuna kukwera. Sadathyole nawo nyumba. Chomwe adachita poyamba chikadaoneka ngati ntchito wamba ya loya: apolisi ofufuza milandu a FBI akabwera kudzafunsa ogwira ntchito ku White House, iye ankakhala nawo m'chipindamo. Taganizirani mlembi wamng'ono akufunsidwa zomwe adaona, pambali pake pakhala loya wa bwana, cholembera chili m'manja. Palibe wamuopseza, koma lilime lalemera kale. Pamwamba pa izi L. Patrick Gray, amene ankagwirizira udindo wa mkulu wa FBI, ankapatsa Dean malipoti a kafukufukuyo, kotero ofufuzidwa ankadziwa pomwe ofufuza afika. Mapepala ena ochokera mu sefa ya Howard Hunt, mmodzi mwa okonza chiwembucho, adaperekedwa kwa Gray yemweyo, ndipo iye adawatentha kumapeto kwa chaka.

Apa mpomwe ndidayamba kuona kuti ndime yanga ija idalakwika ndisanagwire n'komwe cholembera. Ndinkayesa kuti ntchito ya ofesi nkhani ikavuta ndi kulankhula. Koma zomwe zidamiza anthu a Nixon zidachitika atolankhani kulibe. Pa 23 Juni, patangopita masiku asanu ndi limodzi, mkulu wa ogwira ntchito H. R. Haldeman adakambirana ndi pulezidenti zoti a bungwe la akazitape la CIA akauze a FBI kuti asiye kulondola ndalama, ponamizira chitetezo cha dziko. Kenako kudabwera ndalama zotsekera pakamwa anthu ogwidwa aja. Chilichonse mwa izi chinkaoneka ngati kuzimitsa moto wa tsiku limenelo basi. Ndipo kwa kanthawi zidayenda: mu Novembala 1972 Nixon adapambana chisankho m'zigawo 49 mwa 50.

Pa 21 Malichi 1973 Dean adalowa kwa Nixon kukamuuza kuti pali khansa yomwe ikukula pafupi ndi upulezidenti, ndipo kuti ogwidwa aja angafune ndalama zofika madola miliyoni imodzi. Nixon sadadzidzimuke, adati ndalamazo zingapezeke. Masiku omwewo McCord adalembera woweruza John Sirica kuti pamlandu paja ena adanama atalumbira, ndipo oimbidwa mlandu adakakamizidwa kukhala chete. Pa 17 Epulo Ziegler adaima pamaso pa atolankhani omwe adakhala akuwatsutsa kwa miyezi khumi, nati zomwe zidanenedwa kale sizikugwiranso ntchito. Pa 30 Epulo Haldeman ndi mlangizi wina wamkulu wa Nixon, John Ehrlichman, adatula pansi maudindo, Dean adachotsedwa ntchito. Pofika Juni Dean adali pamaso pa komiti ya Senate, nthambi ya nyumba ya malamulo, yotsogozedwa ndi Sam Ervin, akuulula zonse dziko likuonera pa wailesi yakanema.

Mapanga awiri avumbwitsa. Dean ankalipidwa ngati loya wa ofesi ya pulezidenti, koma ankagwira ntchito ngati loya wa Nixon ndi anzake, ndipo pomwe zofuna za ofesi ndi za munthu zidapatukana adapezeka ali pabwalo, mvula ikumukuntha. Funso loti loya wa ku nyumba ya boma ndi wa yani ndinkaliyesa la m'mabuku chabe. Khoti la apilo ku Washington lidaliyankha mu 1998, nthawi ya pulezidenti Bill Clinton, pa nkhani ya loya wa ku White House Bruce Lindsey: loya wolipidwa ndi boma sangabisale kuseri kwa chinsinsi cha loya ndi kasitomala wake akafunsidwa za mlandu womwe mwina wapalamulidwa m'boma momwemo. Wofuna chinsinsi chotere alembe loya wakewake, monga Clinton adali ndi David Kendall. Kwa wogwira ntchito wamba tanthauzo lake ndi lowawa: munthu wa suti amene wakhala nawe limodzi pofunsidwa sadabwerere iwe.

Munthu wina amene sindikumuiwala ndi Alexander Butterfield. Adali wothandizira Haldeman, ndipo ndiye adayang'anira kuikidwa kwa makina ojambula mawu mu ofesi ya pulezidenti mu 1971. Ndi anthu ochepa kwambiri ankadziwa za makinawo. Lachisanu pa 13 Julayi 1973 ogwira ntchito mu komiti ya Senate adamufunsa mwachindunji ngati kunali zojambula mawu. Sadadzipereke yekha kukaulula, ndipo adanena kuti ankalakalaka funsolo lisabwere, koma litabwera adayankha zoona. Pa 16 Julayi adabwereza pagulu. Ndakhala ndikudzifunsa ngati ameneyu tingamutche ngwazi. Mwina ayi. Adangokana kunama atafunsidwa, basi. Koma kuchokera tsiku limenelo nkhani sidalinso ya mawu a Dean kutsutsana ndi mawu a pulezidenti, idasanduka ya matepi. Butterfield sadaimbidwe mlandu uliwonse.

Ndiye pali Rose Mary Woods, mlembi wa Nixon kuyambira 1951. Pa tepi ya pa 20 Juni 1972 padapezeka mpata wa mphindi 18 ndi theka wongomveka phokoso. Iye adati mwina adafufuta mphindi zinayi kapena zisanu mwangozi, akuyankha foni phazi lili pa chopondera cha makina. Chithunzi chake akusonyeza mmene zidachitikira ndachiyang'ana kangapo: phazi lili uku, mkono watambasukira kumbuyo kufuna foni, thupi lonse lapindika. Akatswiri atapima tepiyo adapeza kuti idafufutidwa kosachepera kasanu. Amene adafufuta sadziwika mpaka lero. Chomwe chidandikhudza ndi kuona mayi amene adagwira ntchito zaka zoposa makumi awiri mokhulupirika atasanduka choseketsa dziko, pomwe bwana wake ali phee.

Za Loweruka la pa 20 Okutobala 1973 anthu alemba zambiri, ndingodutsa. Nixon adalamula kuti Archibald Cox, wofufuza wapadera amene ankafuna matepi, achotsedwe. Elliot Richardson, mkulu wa unduna wa zachilungamo, adakana natula pansi udindo, wachiwiri wake William Ruckelshaus chimodzimodzi, wotsatira wawo mu undunawo, Robert Bork, ndiye adachotsa Cox. Sizidaphule kanthu, poti Leon Jaworski amene adalowa m'malo mwake adafunabe matepi omwewo.

Pamene ndidasintha maganizo ndi pa nkhani ya chinsinsi cha ofesi. Poyamba ndinkati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndiye mtsogoleri aliyense wonena kuti zokambirana zake ndi zachinsinsi akungobisa zonyansa. Nditawerenga chigamulo cha khoti lalikulu la dzikolo pa nkhani ya matepiwo, cha pa 24 Julayi 1974, chomwe oweruza asanu ndi atatu onse adagwirizana, ndidapeza kuti iwo adavomereza kuti chinsinsicho n'chofunika. Mlangizi amene akudziwa kuti mawu ake onse atuluka mawa sangauze bwana wake zoona zowawa. Chomwe adakana n'choti chinsinsicho chiphimbe umboni wofunika pa mlandu. Tepi ya pa 23 Juni itatuluka pa 5 Ogasiti, ngakhale a chipani chake adamutaya, ndipo pa 9 Ogasiti 1974 Nixon adachoka. Gerald Ford, amene adalowa m'malo mwake, adamukhululukira patapita mwezi umodzi. Haldeman ndi Ehrlichman adakhala m'ndende miyezi 18 aliyense, John Mitchell, amene ankatsogolera kampeni ija, miyezi 19, Dean miyezi inayi. Nambala zimenezi ndidazilemba pachikuto cha kope langa.

Kuti ndisangoona mbali imodzi, ndidawerenganso za Iran-Contra mu 1986, pomwe zidaululika kuti boma la Ronald Reagan linkagulitsa zida ku Iran mobisa, ndalama zina n'kumapita kwa zigawenga za Contra ku Nicaragua. Masiku oyamba adali oipa zedi. Edwin Meese, mkulu wa unduna wa zachilungamo, adayamba kufufuza pa 21 Novembala osatseka maofesi, kotero Oliver North, msilikali amene ankayendetsa malondawo ku White House, ndi mlembi wake Fawn Hall adapeza mpata wong'amba mapepala pa makina mpaka makinawo kutsamwa. Ena Hall adawatulutsa atawabisa m'nsapato ndi m'zovala. Koma pambuyo pake ofesiyo idachita zomwe ya Nixon idakana. Reagan sadatchinge ndi chinsinsi cha ofesi, adakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi John Tower, adaitana David Abshire kuti ayang'anire nkhani yokhayo ena azipitiriza kuyendetsa boma, ndipo mkulu wa ogwira ntchito Donald Regan adachoka, m'malo mwake mudalowa Howard Baker. Baker ameneyu ndi yemwe uja adafunsa mu komiti ya Watergate kuti pulezidenti ankadziwa chiyani, ndipo adachidziwa liti. Sindikunena kuti zonse zidatuluka poyera, ayi. John Poindexter, mlangizi wa Reagan pa za chitetezo, adati sadauze pulezidenti dala za kupatutsa ndalamako kuti amuteteze, zomwe kwa ine ndi matenda ena, ofesi yosankhira mtsogoleri zomwe asadziwe. Komabe Reagan adamaliza nthawi yake.

Pali chimodzi chomwe chikundivutabe. Mike McCurry, mneneri wa Clinton mu 1998, adasankha kusafunsa zambiri za nkhani ya chibwenzi cha pulezidenti ndi Monica Lewinsky, kuti asaname komanso kuti asaitanidwe kukachitira umboni. Anzanga ena m'kalasi adati imeneyo ndiyo nzeru. Ine ndikuona kuti idamuteteza iye, koma anthu omvera sadapindule kanthu. Mneneri wosadziwa kanthu mwadala ndi wabwino kuposa Ziegler, zoona, koma amaimabe pamenepo kupereka chithunzi choti ofesi ikuyankha pomwe sikuyankha. Tidakangana mpaka nthawi kutha, palibe adagonja.

Ndimeyo ndidailembanso sabata yatha. Idatuluka yaifupi ndi yosakoma kuwerenga. Ndidati pofika 12 koloko lero ofesi ikudziwa zakutizakuti, ndipo zina sidazitsimikizebe. Ndidati m'mawa uno ogwira ntchito onse alamulidwa mwa kalata kuti asafufute kapena kutaya pepala, imelo kapena uthenga uliwonse, kuti aliyense ali ndi ufulu wolankhula ndi ofufuza popanda loya wa ofesi, ndipo kuti mtsogoleri walemba loya wake wa iye mwini. Mzere uja woti palibe akukhudzidwa ndidauchotsa. Woti tidzathandiza ofufuza pa chilichonse ndidausiya, poti ndinkauona ngati wosalakwa.

Pepala labwerera dzulo. Inki yofiira yazungulira mawu oti "chilichonse", pambali pake palembedwa kuti: "Ngakhale foni ya bwana?" Akufuna yankho Lachisanu, ndipo mpaka pano ndangolemba dzina langa pamwamba pa tsamba.