Fayilo imodzi ya katundu pa sitolo yathu ku Kasungu

Sitolo yathu ili pa boma la Kasungu, kufupi ndi msewu wa M1, ndipo timagulitsa feteleza, mbewu ya chimanga ndi soya komanso mankhwala ophera tizilombo. Malonda atakula tinasiya kabuku kolembamo, n'kugula makompyuta awiri, ina ya pakauntala, ina ya kuseri kosungira katundu. Cholakwika chathu chinali chakuti iliyonse inali ndi fayilo yakeyake ya Excel. Tsiku lina mu Novembala, alimi ali pamzere kuthamangira mvula yoyamba, ndinalandira ndalama za matumba 12 a feteleza kuchokera kwa bambo wina wa ku Santhe, pomwe kuseri kunali kutatsala matumba 5 okha. Bamboyo anali atalipira kale galimoto yodzanyamula, ndipo manyazi a tsikulo sindiwaiwala.

Mphwanga, yemwe anaphunzira za makompyuta, anati: "Amalume, fayilo ikhale imodzi basi." Anaiika mu foda ya pa kompyuta ya kuseri, n'kuitsegulira kuti ionekere pa netiweki yathu, kenako analemba kapulogalamu m'chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa Python koti kaziwerenga fayiloyo ndi kusonyeza pakauntala matumba otsala.

Poyamba anapatsa fodayo chilembo cha Z: ngati dzina lachidule loti pulogalamu iziipezera, ndipo zonse zinkayenda bwino iye akakhala pa kompyutapo. Koma atakonza kuti pulogalamuyo iziyamba yokha m'mamawa kudzera mu Task Scheduler (chida cha mu Windows choyambitsa mapulogalamu pa nthawi yoikika), munthu asanalowe mu Windows, inayamba kunena kuti fayiloyo kulibe, chonsecho ife tikuiona ndi maso. Zinatitengera masiku kuti tizindikire kuti chilembo chotere chimakhala cha munthu amene walowa mu kompyuta panthawiyo, ndiye pulogalamu yodziyambira yokha sichiona. Mankhwala ake anali kulemba njira yonse, kuyambira dzina la kompyuta mpaka dzina la fayilo, motere: \\NKHOKWE\Malonda\katundu.xlsx. Anaikanso chilembo cha r kutsogolo kwa njirayo, chifukwa popanda icho Python imatenga timizere topendekerato ngati zizindikiro za chinthu china.

Tinasankha dzina m'malo mwa nambala ya IP (nambala yodziwira kompyuta pa netiweki) pachifukwa chodziwika kwa aliyense wochita malonda kuno: magetsi akathima n'kuyakanso, rauta, kabokosi kolumikiza makompyuta pa netiweki, imatha kupereka nambala yatsopano, koma dzina la kompyuta silisintha. Chimene ine ndinaumirira ndi chilolezo. Akaunti ya pulogalamuyo ili ndi mphamvu yongowerenga, pomwe kusintha ziwerengero ndi kwa ine ndi mayi akunyumba, amene amayang'anira kuseri.

Chatsala n'chakuti kompyuta ya kuseri ikazima, fayilo siifikirika, choncho taigulira batire, ndipo ikalephera ndithu, pulogalamu imalemba pakauntala ndi zilembo zofiira kuti ziwerengero zikuonekazo n'zakale, wogulitsa ayambe wakawerenga matumba asanalandire ndalama ya mlimi.