Mkazi wokwatiwa pa khoti la ku London, zaka 600 zapitazo

Masiku ano ndatengeka ndi nkhani za makhoti akale a m'matauni a ku England, a m'ma 1300 ndi 1400, nde pali chinthu chimodzi chikungondizungulira m'mutu. Lamulo la dziko linkati mkazi akakwatiwa ndiye kuti waphimbidwa ndi mwamuna wake, ankati coverture, sangasume yekha kapena kusumiridwa yekha, katundu wake ali m'manja mwa bambo. Koma tauni ndi tauni, anthu amagulitsa mowa, buledi, nsalu, amakongozana, nde ngongole ikavuta ukam'gwira ndani poti amene amachita geni ndi mayiyo, bambo sadziwa n'komwe mtengo wa chimera?

London inapeza njira yake. Mu Liber Albus, buku la malamulo a mzindawo lomwe John Carpenter anasonkhanitsa mu 1419, muli zoti mkazi wokwatiwa amene akuchita bizinesi payekha, mwamuna osalowererapo, khoti limutenge ngati mbeta, femme sole. Poyamba ndinati eee ufulu uwu, koma nditawerenga bwino ndinaona kuti mlandu ukamugwera amapita kundende yekha mpaka abweze, mwamuna ndi katundu wake osakhudzidwa olo pang'ono. Nde ufuluwo unali wa ndani kwenikweni? Ine ndikuona ngati okongozawo ankangofuna munthu woti amugwire, komanso bambo anapeza pobisala.

Komabe amayiwo sanali ogona. Mu 1368 azimayi opanga zinthu za silika ku London anakadandaula kwa meya za wamalonda wa ku Italy, Nicholas Sarduche, kuti akugula silika yense n'kukweza mtengo, ndipo nkhaniyo inamvedwa ndithu.

Pa mpando woweruza panalibe mkazi, ngakhale pa gulu la jury, anthu wamba osankhidwa kugamula mlandu. Kupatula pamene nkhani yafika pa thupi. Mkazi woweruzidwa kuti aphedwe akanena kuti ndi woyembekezera, khoti linkaitana ntchembere kuti zimuyeze, zikavomereza chilango chimadikira kaye mpaka abereke. Ku York, khoti la tchalitchi linkatuma azimayi kukayesa mwamuna amene mkazi wake wadandaula kuti sagwira ntchito m'nyumba, ndipo umboni wawo unkalembedwa m'buku la khoti, m'Chilatini.