Zikomo Madala, magetsi a kandege kaja ayaka

Abale, dzulo madzulo tinayatsa master switch (switchi yaikulu ya magetsi onse) ya kandege kamene ndikumanga ndipo palibe chomwe chinafuka. Ndikulemba maso ali ofiira ndi tulo, koma mtima wakana kudikira mawa.

Za utsi uja wa m'galaja kuno ku Matawale mukuzidziwa kale, sindibwereza zonse. Amene anandigulitsa kandegeka kasanathe anaika breaker (kachipangizo kodula moto ukachuluka) ya nyali younikira potera kutali, pafupi ndi nyaliyo, waya wakenso wa galimoto. Wayayo atakhudzana ndi chitsulo chapakatikati, breaker sinamve kanthu chifukwa shoti inachitika moto usanaifike. Wayayo anapsa kuyambira pa bus bar, kachitsulo kamene kamagawira moto ku mawaya onse. Fungo lake mpaka lero likadali m'ovolosi yanga.

Ndinali nditataya mtima. Ndiye kunabwera Madala athu a ku Chinamwali, pa kabaza, mita yoyezera magetsi ili m'jumbo. Madala, Mulungu akudalitseni. Tsiku loyamba sanagwire sipanala, anangoyenda ndi chala kutsatira waya aliyense, akupukusa mutu. Kenaka anandikhazika pansi n'kundiuza kuti breaker ntchito yake ndi kuteteza waya, osati nyali kapena wailesi, choncho malo ake ndi pomwe moto ukuchokera, pa bus bar penipeni, kuti waya wopanda chitetezo akhale wamfupi. Kukula kwakenso kumatsatira waya: wa 22 AWG (muyezo wa kunenepa kwa waya) apatsidwe ya 5 amp, wa 18 AWG ya 10 amp. Anatsegula buku la FAA (bungwe loyang'anira za ndege ku America), AC 43.13-1B, lothimbirira ndi oilo, kuti ndidzionere ndekha.

Tinazula zonse. Waya wa galimoto anapita kudzala, tinaika wa Tefzel, wogwiritsidwa ntchito m'ndege. Contactor, switchi yolumikiza batire ku magetsi onse, anaisunthira pambali penipeni pa batire, poti waya wonenepa wa sitata alibe breaker ndipo gawo lomwe limakhala ndi moto nthawi zonse siliyenera kutalika.

Chomwe sindidzaiwala ndi ichi. Ine ndimafuna ma breaker akhale pansi pa panelo kuti pazioneka bwino. Madala anandikweza pampando, kundimanga malamba mothina, n'kunena kuti nditsinzine ndigwire breaker ya alternator field (ya makina otchaja batire). Dzanja silinafike. Sananene zambiri, anangondipatsa dirilo. Lero onse ali mzere umodzi pomwe dzanja lifika, aliyense ndi dzina lake pansi pake. Anandilumbiritsanso kuti breaker ikatuluka ndili m'mwamba ndisalimbane nayo: kuibwezera kamodzi kokha, ngati chinthucho n'chofunikadi, ikatulukanso ndiisiye.

Munthu wamkulu ngati uja kugwada pasimenti pozizira m'nyengo ya chiperoni, magetsi atazima, ine nditamuunikira ndi foni. Ndalama anakana. Ya kabaza yokha ndiyo ndinachita kuwakakamiza.

Mayi a kunyumba, zikomo chifukwa cha tiyi wa usiku ndi kupirira phokoso. Achimwene a ku Blantyre amene munathamanga ndi phukusi la ma breaker a Klixon, zikomo. Ambuye, munatiteteza kuti utsi uja utuluke tili pansi, osati pamwamba pa phiri la Zomba.

Enanu amene munkati ndikumanga khola la nkhunda, mauthenga anu ofunsa tsiku lokwera ndawaona. Mipando ndi iwiri yokha, ndipo winawo uli kale ndi mwini wake.

Injini sitinailize, ntchito ikadalipo. Madala, tambala wa zikomo uja akubwera Loweruka, chonde musamubwezenso.