Zikomo asodzi a ku Chizumulu

Chikho cha ligi ya kuno ku Likoma tatenga, koma pali anthu amene sanatchulidwe pa mwambo wopereka mphoto, ndiye ndiwathokoze pano.

Tsiku lomwe tinkapita kukasewera ku Chizumulu, injini ya boti lathu inazima pakati pa nyanja. Mwera unali utayamba, madzi akulowa, anyamata akukapa ndi zigubu zodula. Za Ilala panalibe, pajatu imadutsa masiku ake. Asodzi ena ochokera kokapha usipa anationa, anakhota, natiponyera chingwe n'kutikoka mpaka kugombe. Mafuta awo anathera ife, usipa wawo ukufewa padzuwa. Titati tiwabwezereko kangachepe, mkulu wawo anangoti, "Sungani, inu kamwetseni zigoli basi."

Mayi wina wa pafupi ndi doko, amene wakana kuti ndimutchule, anayanika majezi athu pamiyala, natiphikira kondowole. Goloboyi wathu, amene anasanza njira yonse, anamugoneka pamphasa m'khonde mpaka chizungulire chitatha. Amayi, Mulungu akudalitseni.

Tikanapanda kufika, mapointi atatu akanapita ulere kwa anzathuwo, ndipo kumapeto kwa ligi timu yachiwiri inatsala ndi ochepera pamenepo kuti itipeze. Goloboyi yemweyo, miyendo ikadali lendelende, anagwira penate m'chigawo chachiwiri, ife n'kupambana. Chikhochi chinayambira pamenepo, aliyense anene zake.

Loweruka tiyenda nacho kuchokera ku Mbamba kukafika ku Chipyela. Asodzi inu, ngati nyanja ilola, wolokani mudzachinyamule nafe, nsima ndi ya ife.