Kusankha kajambulidwe ka katuni ya RPG: werengani kaye zithunzi ndi mizere

Pophunzira za makatuni, chimene chimasocheretsa anthu ambiri ndi chithunzi chimodzi chokongola. Wojambula amatha masiku akukonza msilikali wovala zachitsulo, malamba asanu, timatumba m'chiuno, lupanga lokhala ndi zolembalemba, ndipo aliyense amavomereza kuti kajambulidwe kapezeka. Koma katuni imayenda. Filimu imathamanga mafelemu 24 pa sekondi, kutanthauza zithunzi 24 zooneka motsatizana, choncho gawo la mphindi 11 lili ndi mafelemu 15,840. Mukamasintha chithunzi pakadutsa mafelemu awiri, mukufunika zithunzi 7,920 za munthu amene akuyenda nthawi yonseyo. Pakadutsa atatu, 5,280. Lamba aliyense amene mwamuveka msilikali uja adzajambulidwa mobwerezabwereza choncho.

Nkhani yochokera ku masewera a RPG, amene wosewera amatenga mbali ya ngwazi ya m'nkhani, imawonjezera vuto lina: ngwazi si imodzi, ndi gulu. Katuni ya Dungeons & Dragons ya 1983 inali ndi ana 6, ndipo The Legend of Vox Machina, yomwe inayamba kuonetsedwa mu 2022, ili ndi anthu 7. Wankhondo, wamatsenga, wochiritsa, woponya mivi, wakuba, onse amaimirira pamodzi m'chithunzi chimodzi, aliyense ndi zida zake. N'chifukwa chake ndimaona kuti funso loyamba lisakhale lakuti "kokongola ndi kati", koma lakuti gulu lonseli tingaliyendetse ndi manja angati, kwa miyezi ingati.

Kujambula pamanja felemu ndi felemu, m'mapulogalamu ngati Krita, OpenToonz kapena Toon Boom Harmony, n'kumene kumapatsa ndewu moyo. Thupi limatha kupindika, lupanga n'kutalika pang'ono pa felemu imodzi kuti liwiro limveke. Mtengo wake ndi mizere. Chovala cha timphete tachitsulo ndicho msampha waukulu: timphete mazana sitingagwere malo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse, ndiye pa sikirini chovalacho chimanjenjemera ngati chikuwira. Chijambuleni ndi utoto umodzi wotuwa, timphete tochepa tioneke m'mphepete ndi pamene kuwala kwagunda. Mthunzi nawo ukhale wa mtundu umodzi pa utoto uliwonse. Mukaika mithunzi iwiri ndi kunyezimira pamwamba, ntchito yopaka yachuluka pa chithunzi chilichonse cha munthu aliyense.

Njira yachiwiri ndi yodula munthu zidutswa, mutu, thunthu, mikono, n'kuzilumikiza ndi mafupa mu Moho, Spine kapena Harmony. Imeneyi ambiri amaipeputsa, koma taganizirani mmene masewera a RPG apatebulo amayendera: nthawi yaitali gulu limakhala likukambirana, kukangana za njira, kunyengerera mlonda wapachipata. Pa zochitika zotere rig yabwino, kutanthauza munthu wa zidutswa zolumikizidwa ndi mafupa uja, imapulumutsa masabata. Mumakonza mutu mbali zisanu, kutsogolo, chammbali, pambali penipeni, chakumbuyo ndi kumbuyo, kuphatikiza pakamwa pa mitundu 6 mpaka 9 ndi manja angapo, basi munthuyo angalankhule gawo lonse. Koma rig imagwa pa ndewu. Mkono wolunjika ku kamera uyenera kufupika ndipo chibakera chikule, pamene chidutswa chafulati sichingatero. Thupi likamatembenuka ndi lupanga, zigongono zimang'ambika ndipo munthuyo amaoneka ngati chidole chapepala. Mankhwala ake ndi kusakaniza: zokambirana pa rig, ndipo masekondi ochepa a ndewu ajambulidwe pamanja ndi mizere yokhuthala mofanana ndi ya pa rig, kuti wowonera asazindikire pamene mwasinthira.

Njira yachitatu, ya 3D, youmba munthu mu kompyuta, imatembenuza ndalama: mumalipira kwambiri poyamba, poumba munthu, kumuika mafupa ndi kumupaka, kenako malamba onse aja amayenda okha popanda kuwajambulanso. Pa zovala zachitsulo, chinjoka cha mamba ambiri, ngolo ndi nyumba zamalinga, palibe chimene chimaiposa, ndipo kamera imazungulira momasuka. Koma mukafuna kuti ioneke ngati yojambula pamanja ndi cel shading, njira yopaka utoto ndi mithunzi yafulati ngati ya katuni, zinthu ziwiri zimawonongeka. Choyamba ndi nkhope. Kompyuta imawerengera mthunzi potsatira kupindika kwenikweni kwa mphuno ndi masaya, ndiye pamatuluka timadontho takuda tosongoka timene wojambula sangaike. Opanga masewera apakompyuta a Guilty Gear Xrd ku kampani ya Arc System Works anathana nazo posintha pamanja ma normal, kutanthauza mbali imene kachigawo kalikonse ka nkhope kamalozera kuwala. Chachiwiri ndi kayendedwe. Pulogalamu imadzaza yokha mafelemu apakati pa ma keyframe, amene ndi maimidwe akuluakulu oika inuyo, ndipo nkhonya imafika mofewa ngati munthu ali m'madzi. Mu pulogalamu ya Blender sinthani interpolation, kudzaza mafelemu apakati kuja, ikhale Constant, muike nokha kaimidwe kalikonse pakadutsa mafelemu awiri kapena atatu. Mikanjo ndi tsitsi lalitali muziikenso mafupa m'malo mosiyira kompyuta, chifukwa nsalu yoyenda mosalala pa thupi loyenda modumphadumpha imaonekera msanga.

Matsenga aganiziridwe paokha, kaya mwasankha njira iti. Moto, utsi ndi mphezi zojambula pamanja pa leya yakeyake zimakwanira bwino ngakhale pamwamba pa 3D. Wamatsenga aliyense akhale ndi utoto ndi kaumbidwe kake, wina zozungulira zobiriwira, wina zosongoka zofiira, kuti pankhondo ya anthu ambiri wowonera adziwe amene waponya. Ndipo kuwala kwa matsengawo kugwere pa nkhope ndi pansi. Kukapanda kutero, motowo umaoneka womata.

Musanatsimikize, pakani gulu lonse utoto wakuda n'kuliimika pamzere. Ngati wakuba ndi woponya mivi sakusiyana, konzani kaumbidwe ka matupi ndi zida, osati kuwonjezera zokongoletsa. Kenako pangani kanema woyesera wa masekondi 15 m'njira ziwiri zimene mukuzikayikira, wokhala ndi zochitika zitatu: anthu atatu akukangana, kumenya kumodzi kwa lupanga kolunjika ku kamera, ndi tsenga limodzi. Lembani maola amene gawo lililonse latenga, kusiyanitsa ntchito yochitika kamodzi, monga kumanga rig, ndi yobwerezedwa pa sekondi iliyonse. Yobwerezedwayo ichulukitseni ndi 44, popeza masekondi 15 amalowa ka 44 mu mphindi 11, ndiyeno muwonjezere maola omangira anthu otsala a m'gululo ndi zilombo zimene adzakumane nazo.