Chapani kaye sampulo musanalipire dipoziti

Dzulo ndakatenga masikipa anga 60 kwa wodinda, ndipo mtima wakhala pansi. Koma miyezi inayi yapitayi ndaona zakuda kuno ku Joni.

Poyamba ndinkafuna zangazanga: sikipa yoyera yokhala ndi kathumba ka chitenje pachifuwa, yosafanana ndi zimene zadzaza mu Small Street, msewu wa mashopu a zovala. Ndiye ndinapita ku kafakitale kena cha ku Jeppe, ka mtundu umene amati CMT. Abale, awa ntchito yawo ndi kudula, kusoka ndi kumalizitsa basi. Nsalu mumabwera nayo nokha. Patani ngati mulibe mumalipira padera, ndipo kuikuza kuti ichoke pa S kufika XL ndi ndalama inanso.

Nsalu ndinakagula ku Fordsburg, kufupi ndi Oriental Plaza. Sampulo itatuluka ndinaivala, ndinadziyang'ana pagalasi, ndinatumiza chithunzi kwa mlongo wanga ku Lilongwe, nkulipira theka la ndalama tsiku lomwelo. Sindinaichape.

Tsiku limene limandiwawabe ndi Lachiwiri lija. Anati ndibwere 9 koloko katundu watha. Ndinapempha tsiku kuntchito, ndinakwera mataxi awiri kuchokera ku Turffontein, ndipo ndinakhala pa kreti pakhomo mpaka 3 koloko. Bwana kulibe, foni sakuyankha. Masikipa anga ali mulu pansi pa tebulo, manja asanalumikize nkomwe, makina onse akusoka mayunifolomu a sukulu. Mayi wina wosoka pamenepo, wa kwathu ku Mangochi, anandinong'oneza kuti, "Achimwene, oda yaing'ono kuno imasokedwa akapeza mpata. Koma nsalu yanuyi munaichapa?"

Usiku womwewo ndinaviika sampulo ija mu beseni. Madzi anafiira, chitenje chinasuluka nkudetsa chifuwa chonse, ndipo itauma sikipayo inafupika mpaka lamba kuonekera. Nditadandaula anangoti nsalu ndi yanu. Chowawa nchakuti sananame. Chapani sampulo, chonde.

Ndaiwala za patani: lembetsani pa lisiti kuti ndi yanu. Yanga anakana kundipatsa, ngakhale ndinailipira.

Pano ndikuoda masikipa osokeratu, opanda chilembo chilichonse, kwa ogulitsa mopikulitsa cha ku Crown Mines. Funsani kulemera kwa nsalu. Ine ndimatenga ya 180 gsm (magalamu 180 pa sikweya mita imodzi) chifukwa yopepuka imaonetsa thupi. Funsaninso ngati mtengo akutchulawo VAT ya 15% ilimo kale. Podinda, masikipa akakhala ochepa sankhani DTF, njira imene chithunzi amachidinda pa kapulasitiki nkuchimata pa chovala ndi makina otentha. Screen printing, yopaka utoto kudzera pa sikirini, imatchipa akachuluka, poti utoto uliwonse umafuna sikirini yakeyake ndipo mumailipira. Kalebulo konena dziko limene chovalacho chinapangidwa musakadule, lamulo la kuno limafuna kakhalepo. Dzina la bizinesi mukafuna kuliteteza ndi ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani ndi zizindikiro za malonda; polembetsa chizindikiro, zovala zili m'gulu 25.

Zosokeratu zili ndi vuto lake, sindibisa. Kasokedwe nkofanana ndi ka aliyense, ndipo mtundu umene makasitomala aukonda ukhoza kutha kwa wogulitsa inu muli ndi maoda m'manja. Komabe ndikhoza kugula 20 zokha nkuona kaye ngati zikuyenda. Ku fakitale ndidzabwerera ndikadzakwanitsa oda yaikulu.

Ngakhale zosokeratuzo ndimagula imodzi kaye nkuichapa. Kathumba kaja sindinakasiye. Amandisokera mayi a ku Mangochi aja Loweruka kunyumba kwawo, ndipo chitenjecho ndimawapititsira nditachichapa kawiri.