Bellicose ndi belligerent n'zosiyana

Abale, ambiri amasakaniza mawu a Chingerezi akuti bellicose ndi belligerent ngati ndi liwu limodzi. Onse anachokera ku bellum, liwu la Chilatini lotanthauza nkhondo, koma ntchito zawo zimasiyana. Bellicose ndi munthu wolakalaka nkhondo, woopseza pakamwa, monga ankalalatirana Donald Trump wa ku America ndi Kim Jong Un wa ku North Korea mu 2017 popanda kuomberana.

Belligerent ndiye walowa kale m'ndewu. M'malamulo a pakati pa mayiko, monga mapangano a mu 1907 a ku Hague, mzinda wa ku Netherlands, limanena dziko limene likumenyadi nkhondo. N'chifukwa chake Switzerland sinatchedwe choncho pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, popeza sinamenye nawo. Azungu amatinso belligerent kwa chidakwa chomaputa aliyense kumowa. Bellicose lija n'la m'zolembalemba monga nyuzipepala, pocheza silimveka kawirikawiri.